Tebulo Lodikira Kompyuta ku Mitundu

A Pitala Kamtsitsi ndinakhala nawo pa khonde limodzi ku Nathenje kuyambira nthawi ya chipani chimodzi. Ine ndine telala. Nyumbayo kale inali sitolo ya amwenye, asanawachotse kumidzi, ndipo mwini wake watsopano ankatichititsa lendi khonde lokha. Makina anga osokera anali kumanzere kwa chitseko, benchi lawo lopalirapo matabwa kumanja, pansi pa chisakasa cha malata akale. Utuchi wawo unkagwera pa nsalu zanga, ulusi wanga unkakola m'misomali yawo, koma sitinakanganepo.

Anali munthu wamfupi wa mapewa otambalala, wosakonda zolankhulalankhula. Kwawo kunali cha ku Malingunde, koma anadzakwatira kuno, kwa a Nakwenda, n'kukhala pachikamwini moyo wawo wonse. Ukalipentala anauphunzira ku Nkhoma ali mnyamata. Ntchito imene ankaikonda inali ya mabenchi a m'tchalitchi, madesiki a ana a sukulu, ndi zitseko za alimi a fodya, amene akachokera ku okushoni ankafuna chitseko chokongola kuposa cha mnansi wawo.

Pofika zaka za matipate ntchitoyo inali itasintha. Matenda aja amene anthu sankawatchula dzina anali atalowa m'midzi, ndipo amene ankaima pa khonde lathu m'mawa sanali ofuna zitseko. Ankabwera amuna awiri kapena atatu, mmodzi atanyamula bango limene ayezera mtembo. A Pitala ankalandira bangolo osafunsa dzina la womwalirayo, ine n'kudula nsalu yoyera yoyala m'bokosi. Mlungu umene sitinapange bokosi unali wosowa. Madzulo ankakhala pa benchi manja ali pa mawondo, osafulumira kupita kunyumba, osafunanso kucheza.

Kunyumba kwawoko kunali mwana wawo wamkazi, Maness. Mwa ana onse, iye ndi amene sukulu inamukonda. Ataimaliza anakaphunzira kutayipa ku Lilongwe, cha ku Bwalo la Njobvu, nakwatiwa ndi dalaivala wa minibasi. Mwamunayo anadwala n'kumwalira, abale ake anatenga katundu yense, Maness anabwerera kwa makolo ndi khanda kumbuyo ndi setifiketi mu pulasitiki. Anayamba kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa tala, pafupi ndi pamene mabasi amaima. Bambo ake akamadutsa pamenepo ankayang'ana kwina.

Tsiku lina m'chilimwe cha 1995 kunafika mlamu wawo, a Dickson, mlongo wake wa a Nakwenda. Iwowa anali kalaliki wa khoti la mafumu, ndipo boma latsopano litatseka makhoti amenewo anapatsidwa ndalama zopumira n'kukakhazikika ku Mitundu. Anafika pa njinga, atavala jekete ndi tayi ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Anatulutsa tsamba la nyuzipepala lopindapinda, nalitambasula pa benchi pamwamba pa utuchi.

"Alamu, ndikufuna tebulo," anatero. "Osati lodyerapo ayi. La kompyuta."

Anafotokoza kuti apeza chipinda cha magetsi pafupi ndi msika wa Mitundu, ndipo akufuna kutsegula malo otayipira. Masukulu amafuna mayeso, mipingo imafuna mapulogalamu, zipani zandale zachuluka ndipo chilichonse chikufuna makalata, mabungwe nawo afika. Zonsezi anthu amapita nazo kutauni. Iwo agula kompyuta, ndipo woigwiritsa ntchito akhala Maness. Mwanayo ndi wa mbumba yawo, anatero, sangakalambire pa tomato ali ndi pepala la sukulu.

A Pitala anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. Chinali chosaoneka bwino, inki itadontha. Anafunsa kukula kwa chinthucho, a Dickson anatambasula manja mosatsimikiza. Anafunsa kulemera kwake, mlamuyo anati zimenezo n'zosafunika. Ndiye m'mawa mwake a Pitala anavala malaya awo a ku tchalitchi, naika tepi yoyezera m'thumba, nakwera minibasi ya ku Lilongwe kukachiona ndi maso.

Anabwerako ali munthu wina. Anandiuza kuti mayi wina wa m'sitolo ya zolembera anawalola kuyeza. Pali chibokosi chogona, anatero, pamwamba pake pamakhala chokhala ngati kanema wa vidiyo, kutsogolo potayipira, ndipo pambali kanthu ka mchira kamene azungu anakatcha mbewa. Anaseka ponena za mbewayo, ndipo ine ndinazindikira kuti panali patapita nthawi ndisanamve kuseka kwawo.

Kudenga la nyumba yawo ankasungako matabwa a mlombwa ochokera ku Dzalanyama, amene anati adzapangira zitseko akadzamanga nyumba ya njerwa zootcha. Anawatsitsa onse. A Nakwenda anang'ung'udza, koma poti n'za mwana wawo ndi mlongo wawo, anangoti chitani. Tebulolo analipanga m'mipata, bokosi la maliro likatha, lina lisanabwere. Analiikira thabwa lokoka la potayipira, madilowa mbali imodzi, ndi bowo lozungulira kumbuyo lodutsa mawaya. Ankaimba nyimbo za m'buku chapansipansi akulipaka vanishi. Ine ndinasoka chovindikira cha nsalu ya khaki, chifukwa fumbi la ku Mitundu sililekerera chinthu.

Analinyamula pa ngolo, atalikulunga m'mabulangete. Maness anakwera nawo, mwana ali pamiyendo, kukakhala kwa atsibweni ake. Atafika anthu a pamsika anaunjikana pakhomo, ena akufunsa ngati kompyutayo ndi imeneyo. A Dickson anali atalembetsa kale chikwangwani. Analisisita tebulolo, nati sabata ziwiri sizitha makinawo asanafike. Podikira, anaikapo tayipi yakale imene anagula khoti likutsekedwa, kuti Maness ayambe kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito.

Sabata ziwirizo zinatha, mvula inagwa, chimanga chinacha. Kenako kunabwera uthenga woti a Pitala apite ku Mitundu ndi zida zawo.

Kumeneko anapeza kuti a Dickson apeza bwenzi, a Patson, wokonza mawailesi amene anagwirapo ntchito yothandizira m'chipinda cha makompyuta ku koleji ya ku Bunda. A Patson ankatola magazini akunja amene aphunzitsi a kukoleji awerenga n'kutaya, ndipo tsiku la msika ankabwera nawo. Aphunzitsi a pulayimale awiri ndi wazaumoyo wina ankabweranso, onse n'kuzungulira tebulo lija, kutsutsana za makina amene akubwera. Wina ankati adzakhala aang'ono, wina ankati adzakhala olankhula, wina ankati a ku Japan adzaposa a ku Amereka. Maness ankasuntha tayipi yake kupita pakona kuti magaziniwo apeze malo.

A Patson anali atanena kuti kompyuta ya chibokosi chogona yatha nthawi. Yatsopano, yotchedwa Pentiyamu, chibokosi chake chimaima chilili pambali, ndipo wogula yogonayo chaka chino adzalira chaka chamawa. A Dickson anati anachita mwayi kumva asanagule, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chofunika tsopano n'kuchotsa madilowa aja kuti papezeke malo oimikapo chibokosicho.

Ulendo umenewu a Pitala sanadandaule. Anaona chithunzi, anayerekeza ndi chala, nachotsa madilowawo bwinobwino osawononga thabwa. Anabwerako atatopa ndi njinga, koma anandiuza kuti mlamu wawo ndi wochenjera, chifukwa chinthu chodula sagula mothamanga.

Chaka chotsatira uthenga unabweranso. Makina atsopano akuti amatentha, amafuna mpweya, ndiye kumbuyo kubooledwe mabowo. Akubwera ndi zokuzira mawu ziwiri, amaimba nyimbo za pa timadisiki tonyezimira, ndiye pakufunika shelefu pamwamba. Mlombwa unali utatha. A Pitala anapanga shelefuyo ndi paini, naipaka vanishi kangapo kuti ifanane ndi tebulo, koma inakana. Munthu akalowa m'chipindamo ankaona yekha kuti pali chigamba. Zimenezi zinawapweteka kuposa msana, umene unali utayamba kuwavuta.

Msewu wa pakati pa Nathenje ndi Mitundu si wautali kwa munthu wa galimoto. Kwa munthu wachikulire wa njinga yonyamula sowo, nyundo ndi matabwa, m'chilimwe ndi fumbi lofika m'mano, m'dzinja ndi matope omata matayala. Ndipo ntchito ya pakhonde sinkadikira. Tsiku limene anakaika shelefu ija, kunabwera anthu a m'mudzi mwawo momwe ndi bango. Womwalirayo anali mwana wa a Yakobe, mkulu wa mpingo mnzawo, mnyamata amene a Pitala anamuona akubadwa. Anthuwo anakhala pa khonde mpaka dzuwa pamutu. Ine ndinalibe chowauza koma kuti a Pitala apita ku Mitundu. Anakagula bokosi ku Kamphata, la matabwa opyapyala osapala bwino, ndipo kumanda linkachita kulira ponyamula. A Pitala pa mwambo wonsewo anakhala kumbuyo, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

Kuyambira pamenepo nyimbo zija zinasiya. Dzina la Mitundu likatchulidwa ankangopuma mozama.

Maness ankabwera kudzaona makolo mwa apo ndi apo. Ankati makalata alipo, koma ochepa, chifukwa tayipi ija zilembo zina zinadyeka ndipo masukulu akupitabe kutauni kumene mayeso amatuluka oyera. Nthawi yambiri ankathandiza azakhali ake a Esitere, akazi a a Dickson, kukazinga zitumbuwa zogulitsa pamsika. Mayina a makina onse ankawadziwa chifukwa chowamva tsiku ndi tsiku, koma anali asanakhudzepo ngakhale imodzi. Amayi ake akamufunsa kuti kompyuta ibwera liti, ankayankha kuti akuti yabwino kwambiri ikubwera.

Mu Ogasiti 1998 kwacha inagwa. Ulusi, misomali, sopo, zonse zinakwera ngati zagwirizana, ndipo aliyense anaona kuti ndalama zopumira za a Dickson, zimene zinali zikudyedwa pang'onopang'ono, tsopano zafupika. Tinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mlamuyo anatumiza mawu osangalala. A Patson apeza chithunzi cha kompyuta yopanda chibokosi n'komwe, zonse zili pamodzi, yonenepa ngati dzungu, ya mtundu wobiriwira woonekera mkati. Malo oimika chibokosi aja sakufunikanso, shelefu ikutchinga, ndipo pamwamba pakuyenera kukulitsidwa.

Apa a Nakwenda anavala chitenje chawo chatsopano n'kupita okha ku Mitundu. Mlongo wawo sanamupeze, anapeza a Esitere akusenda nthochi. Akazi awiriwo anakhala kuseri kwa nyumba, ndipo a Esitere anaulula zimene ankazisunga. Amuna awo anapitadi kutauni kukagula, kawiri konse. Ulendo woyamba mnyamata wa m'sitolo anawakhazika pa mpando kuti ayese. Atagwira mbewa ija, kamuvi ka pa galasi kanathawira pakona, ndipo atsikana awiri ogulitsa anasekera m'manja. Munthu amene mafumu ankamudikira kuti awawerengere milandu anadzuka, nati makinawo ndi achikale, natuluka. Ulendo wachiwiri anangofika pakhomo la sitolo n'kubwerera.

A Esitere anati kuyambira nthawi imeneyo amuna awo amadzuka ndi mphamvu tsiku la magazini lokha. Pa tebulo paja anthu amawamvera ngati kale kukhoti, ndipo pamsika amawatchula kuti a Kompyuta. Iwo monga mkazi atopa, koma akuopa kuti akawalanda zimenezi atsala opanda kanthu.

A Nakwenda anafotokozera amuna awo zonsezi pa khonde pathu, ine ndikumva. Anamaliza ndi kunena kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma imeneyi ikufa ndi mwana wa eni. A Pitala anapitiriza kunola sowo yawo, dzino ndi dzino. Loweruka lotsatira anamanga zida pa njinga.

Zimene zinachitika kumeneko anandiuza ndi Maness, amene anali pakona ndi tayipi yake. Bambo ake anadikira kuti a Patson ndi aphunzitsi aja achoke. Kenako anakhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene sankachita.

"Alamu, gulani imene ilipo," anatero. "Kaya ndi yogona, kaya ndi yogwiritsidwapo kale ntchito. Mupite ndi mwanayu, akayese ndi iyeyo. Inu mukangoima pambali."

A Dickson anakonza tayi yawo. Anafunsa kuti ndani wanena kuti iwo sangathe kuyesa okha. A Pitala anati palibe wanena. Mlamuyo anati zinthu zimenezi n'zovuta kwa munthu amene sawerenga magazini, ndipo iwo sangataye thukuta la zaka zonse za m'boma pa chinthu choti chikalambe chisanafike n'kunyumba komwe.

"Amene akukalamba ndi uyu," anatero a Pitala, akuloza mwana wawo ndi chibwano.

A Dickson anayang'ana Maness, kenako anayang'ana panja, nati za mbumba yawo amazidziwa ndi iwo, mkamwini ntchito yake ndi matabwa. A Pitala anadzuka, natenga nyundo, nachotsa shelefu ya paini ija, nawonjezera thabwa kumbuyo monga anauzidwira. Maness akuti misomali ankaikhoma molunjika ngati kale, koma sanapakenso vanishi. Atamaliza anakana chakudya, nakwera njinga.

Ndinawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene anagwirira ntchitoyo atanyozedwa chotero. Anati mwana wawo amagona m'nyumba ya munthuyo, ndipo iwo eni amalima munda wa akuchikazi. Mkamwini akakwiya amakwiyira thabwa.

Chaka cha 1999 chinabwera ndi mphekesera ina. Pa wailesi ankanena kuti ikadzakwana 2000 makompyuta adzasokonezeka, mabanki adzaiwala ndalama za anthu, ndege zidzasochera. A Dickson anati si mwaona, akanagula bwenzi atataya. Tsopano nzeru n'kudikira Januwale, chifukwa akale onse akadzafa, azungu adzatulutsa atsopano osafa. Nkhani imeneyi inawapatsa omvera ambiri kuposa kale, mpaka ena ankaima pazenera.

Maness anabwerera ku Nathenje mvula yoyamba itangogwa, chikwama pamutu, mwana wake akuyenda yekha pambali, poti anali atakula. Anafikira pa khonde pathu. Anati mnzake wa kusukulu wamupezera malo pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu, kulemba mayina a matenanti ndi katundu wa m'sitolo, ndi bolopeni. Atsibweni ake sanawatsanzike bwino, anangouza azakhali ake.

"Ababa, ndatopa," anatero. "Zala zanga zaiwala liwiro. Ndikakhalabe kumeneko ndidzangodziwa mayina a zinthu."

A Pitala anafunsa ngati kuesitetiko kuli nyumba yokhoma, ngati kuli sukulu pafupi, ngati madzi ndi a pamjigo. Atayankhidwa anagwedeza mutu. Tsiku lonyamuka anamunyamulira chikwama mpaka pa siteji, nakhala naye pamwala mpaka basi inabwera. Sanabwererenso ku khonde tsiku limenelo, ngakhale panali chitseko choyembekezera mahinjesi.

Januwale inafika, palibe chinafa. Patapita miyezi, mkazi wa mphunzitsi wina anatsegula malo otayipira ku Mitundu komweko, kuseri kwa chigayo. Kompyuta yake inali yakale, yachikasu ndi ukalamba, yogula ku bungwe lina limene linkatseka ofesi, ndipo anaiika pa tebulo wamba lodyerapo. Mayeso a masukulu, mapulogalamu a maukwati, makalata a zipani, zonse zinapita kumeneko. A Patson nawo anasamukira komweko, kumakonza pulinta ikatafuna mapepala. Aphunzitsi aja anatsatira.

A Dickson anatumizabe uthenga. Akuti kukubwera magalasi opyapyala ngati thabwa, opanda chimimba kumbuyo, ndiye tebulo lija lakula kwambiri, lidulidwe. A Pitala anauza wamthengayo kuti adzabwera akakolola. Atakolola anati adzabwera akagulitsa mtedza. Pamapeto pake mlamuyo anabwera yekha.

Ndinachita kumuzindikira ndi jekete, limene ndinalichepetsapo ndine zaka za m'mbuyomo ndipo tsopano linali litamukuliranso. Njinga ankaikankha, chifukwa chitunda cha pafupi ndi mlatho chinamukanika. Anayamba kufotokoza za magalasi opyapyala aja, koma mawu ake analibe moto. A Pitala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatenga sowo pa msomali, naipukuta ndi chiguduli, naiika m'manja mwa mlamu wawo.

"Dulani nokha, alamu. Mulembe mzere ndi pensulo, musathamange. Ine msana wakana."

A Dickson anaigwira sowoyo ngati munthu wopatsidwa khanda la eni. Anaitembenuza uku ndi uku, kenako anaiika pa benchi, nakhala pansi pambali pake. Ine ndinaitanitsa thobwa kwa mayi wa patsidya pa msewu, onse awiri anamwa. Patapita nthawi a Dickson anafunsa za Maness. A Pitala anati ali bwino, mwana wayamba sukulu, ndipo mu ofesi ya esiteti muli kompyuta ya akalaliki aakulu imene mtsikana wina amamuphunzitsako nthawi ya nkhomaliro, bwana akachoka. A Dickson anafunsa kuti ndi ya mtundu wanji. A Pitala anati sanafunse.

"Ndinkafuna kumugulira yabwino," anatero a Dickson, akuyang'ana m'kapu.

"Ndikudziwa," anayankha a Pitala.

Sowoyo a Dickson anaisiya pomwepo. Tinamva pambuyo pake kuti chipinda cha magetsi chija anachibweza kwa mwini wake, tebulo analipititsa kunyumba, ndipo a Esitere anaikapo mbale ndi mabeseni. A Dickson anayamba kuthandiza anthu kulemba madandaulo opita kwa mfumu yaikulu, atakhala pansi pa mtengo pafupi ndi positi ofesi. Alamu awiriwa sanadane. Ankakumana pa maliro ndi pa zinkhoswe, n'kumafunsana za mvula.

A Pitala anagwirabe ntchito mpaka chaka cha njala chija, 2002. Nthawi imeneyo anthu ambiri analibe chogulira bokosi, ankangokulunga m'mphasa, ndipo matabwa nawo anakwera mtengo chifukwa mitengo yabwino ku Dzalanyama inali ikuthera ku makala. Msana unafika powakaniza kuwerama pa benchi. Anagulitsa zida zikuluzikulu kwa mnyamata wina wa ku Kamphata, nasiya kubwera pa khonde. Mbali yawo ija tsopano pali munthu wowotcherera mawindo achitsulo, ndipo phokoso lake limandipweteketsa mutu. Nyumba ya njerwa zootcha sanamange.

Ndimapita kukawaona Lamulungu likakhala lopanda zochita. Amakhala pa chikopa cha mbuzi kuseri kwa nkhokwe, akusema mipini ya makasu ndi kasemasema, ntchito imene amati imatheka munthu atakhala pansi. A Nakwenda amaigulitsa tsiku la msika. Ulendo wathawu ndinawapeza atasema iwiri yokha, wachitatu uli pamiyendo. Anandifunsa ngati anthu akusoketsabe zovala kapena kaunjika watimaliza, ndipo ine ndinayamba kudandaula monga mwa nthawi zonse, za masuti a pamsika, za mtengo wa singano, za ana amene sakufuna kuphunzira ntchito ya manja. Ndili mkati molankhula ndinaona kuti atsamira nkhokwe, maso atseka, kasemasema ali m'manja. A Nakwenda anabwera chamwakachetechete, nawalanda kasemasemayo kuti angadzicheke, nandiuza kuti ndiwasiye, usiku sagona ndi msanawo. Ndinakhalabe pang'ono ndikuthamangitsa nkhuku zimene zinkatola tizipalapala ta mtengo, kenako ndinatsanzika kwa mayiwo n'kubwerera kwathu.